Fayilo yathyokera mu dzino 46, nditani akuluakulu?

Wa ku Dedza boma: Akuluakulu ndithandizeni mtima suli m'malo. Lero ndimapanga root canal (kutsuka ndi kumata timipata ta m'kati mwa mizu ya dzino) pa 46 (dzino lalikulu lotafunira lakumunsi kumanja) ya mayi ena ochokera ku Linthipe, ndiye K-file (fayilo, kachitsulo kopalira mu canal) size 15 yathyokera mu mesiobuccal (canal ya muzu wakutsogolo, mbali ya tsaya), pa x-ray kachidutswako ndi ka 3mm ndipo kali kumunsi kupitirira pokhota pa muzu. Ndaika calcium hydroxide (mankhwala opha tizilombo) mwinamo ndi kumata temporary (chomata chongoyembekezera), abweranso Lachisanu koma za fayiloyo sindinawauze.

Wa ku Ntcheu: Pepani achimwene. Dzinolo linali lamoyo kapena kunsonga kwa muzu kunali kale mafinya?

Wa ku Dedza boma: Lamoyo asisi, amangolira nalo usiku, kunsonga kulibe mthunzi uliwonse.

Wa ku Ntcheu: Ndiye zilikotu bwino. Chomwe ndikupempheni musakakumbe, popanda microscope ndi ultrasonic tips (timitu ta makina tonjenjemera) mukangoyamba kukasaka ndi bur (kobowolera dzino) kuseri kwa pokhota mubowola muzu, mizu ya mesial (yakutsogolo) ija khoma lake ndi lopyapyala, mapeto ake ndi kuzula dzino loti likanatha kukhala. Yesani kulambalala kachidutswako, tengani fayilo ya size 8 kapena 10 yatsopano, ipindeni pang'ono kunsonga, thirani EDTA 17% (mankhwala ofewetsa mu canal), muzipotoza pang'onopang'ono osakankha, ikagwira kampata mujambulenso x-ray muone ngati ilidi mu canal, kenako 15, 20, hypochlorite (mankhwala otsukira) wambiri. Kachidutswako kakakhala komweko mumamatira limodzi.

Wamkulu wa ku Lizulu: Asisi anena zoona. Ikakana kudutsa tsukani bwino mpaka pamene pali kachidutswapo, mumate, muwaonenso pakatha miyezi 6 kenako chaka. Dzino loti linalibe mafinya nthawi zambiri limakhala bwinobwino. Koma mwana wanga pamene ndadandaula ndi poti simunawauze. Lachisanu musanabaye jakisoni akhazikeni pansi, aonetseni x-ray, mulembenso mu helefi pasipoti mwawo. Akadzakamvera kwina adzati munawabisira. Akafuna kupita ku Kamuzu Central alembereni kalata. Ndifunse, fayiloyo inali italowa m'mano angati?

Wa ku Dedza boma: Kunena zoona bambo sindinawerenge, tatsala ndi mapaketi awiri okha ndiye timangobwezera mu autoclave (makina ophera tizilombo pa zida).

Wamkulu wa ku Lizulu: Ndi pomwepo. Ting'onoting'ono ta 8 mpaka 15 muziyang'ana pa nyali musanalowetse, mukaona pakunyezimira poti mizere yamasuka tayani, ndipo osalowetsa mu canal mouma.

Wa ku Dedza boma: Ndamva bambo, zikomo nonse. Ndawaimbira mayi aja ndawauza kuti pali nkhani tikambirane, size 10 yatsopano ndituma wa minibasi andigulire ku Lilongwe mawa.