Mawu atsopano a Chingerezi sakukhazikika m'mutu mwanga

Nabanda:
Ndimatha kucheza m'Chingerezi ndiponso kumva nkhani za pa wailesi, koma ndikatenga nyuzipepala ndimakumana ndi mawu achilendo pafupifupi m'ndime iliyonse. Ndimawalemba m'kope pamodzi ndi matanthauzo ake, koma posakhalitsa ndimapeza kuti ndawaiwala. Kodi amene munadutsa pamenepa munachita bwanji?

Aphunzitsi a Mbewe:
Mayi Nabanda, vuto limeneli limagwera pafupifupi aliyense amene wafika pamene mwafikapo. Mawu pafupifupi 2,000 amene katswiri wa kaphunzitsidwe ka Chingerezi Michael West anawasonkhanitsa mu 1953 pa mndandanda wotchedwa General Service List amabwera mobwerezabwereza, n'chifukwa chake munawagwira msanga, koma otsalawo amaoneka mwa apo ndi apo, moti mawu amene mwawaona lero mwina simudzakumana nawonso mwezi wonse. Katswiri wa kaphunzitsidwe ka zinenero Paul Nation anapeza kuti munthu amafunika magulu 8,000 mpaka 9,000 a mawu (gulu limodzi ndi mawu ochokera pa tsinde limodzi, monga "teach", "teacher" ndi "teaching") kuti awerenge nyuzipepala kapena buku la nthano popanda kudalira dikishonale. Choncho muziwerenga tsiku ndi tsiku, koma muzisankha mabuku amene pa mawu 50 alionse achilendo sapitirira amodzi, chifukwa pamenepo tanthauzo limaululika ndi chiganizo chomwe. Oxford ndi Penguin amasindikiza mabuku ofewetsedwa dala motengera pamene wophunzira wafika.

Chisale:
Ndikugwirizana nanu aphunzitsi, koma kuwerenga kokha kumachedwa. Katswiri wa za maganizo Hermann Ebbinghaus anasonyeza mu 1885 kuti zambiri zimene taloweza zimaiwalika m'masiku oyambirira, ndiye kope lija silithandiza ngati mulitsegulanso pakapita mwezi. Mawu amafunika kuwabwereza mawa lake, kenako pakadutsa masiku angapo, kenakonso pakadutsa milungu, ndipo Anki, pulogalamu ya pa foni kapena pa kompyuta yothandiza kuloweza, imakuwerengerani yokha nthawi zimenezi. Pempho langa lalikulu n'lakuti musamalembe mawu paokha, koma muzikopera chiganizo chonse chimene mwawapezamo, kuti mudziwenso mawu amene amayenda nawo limodzi. Mwachitsanzo, eni chinenero amati "heavy rain" ponena za mvula yamphamvu, pamene wophunzira woloweza mawu paokhapaokha amalemba "strong rain".

Nabanda:
Zikomo nonse. Popeza ndikukonzekera maphunziro a ku yunivesite, kodi pali mndandanda wina woyenera ine?

Aphunzitsi a Mbewe:
Ulipo, mayi. Mufufuze Academic Word List ya Averil Coxhead, ya mu 2000, yomwe ili ndi magulu 570 a mawu opezeka kawirikawiri m'mabuku a maphunziro apamwamba. Anaigawa m'zigawo 10, ndipo muyambe ndi choyamba chifukwa ndimo muli mawu obwera pafupipafupi kuposa onse.