Kodi parachuti ingapulumutse munthu amene akukwera ndege yopanda injini koyamba?

Akuluakulu ndi anzanga nonse amene mumadziwa za ndege, ndikupempha nzeru zanu. Mwana wanga wandilipirira ulendo wokwera ndege yopanda injini ya mtundu wa ASK 21 pa bwalo lina kuno ku England, ndipo kalata imene eni bwalowo anditumizira ikunena kuti ndidzavala parachuti kumsana, komanso kuti kulemera kwanga pamodzi ndi parachutiyo kusapitirire makilogalamu 110.

Ndikumvetsa kuti ngozi imene oyendetsa amaiopa kwambiri ndi kugundana, chifukwa ndege zingapo zimazungulira moyandikana pamalo amodzi pomwe mpweya wofunda ukukwera. Pamenepo parachuti ndi yofunikadi. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndegeyo idzakokedwa ndi chingwe mpaka mamita pafupifupi 400 okha m'mwamba, ndipo zinthu zitavuta ndiyenera kutaya chivindikiro choonekera mkati cha pamalo okhala, kumasula malamba a pampando osakhudza a parachuti, kudzitulutsa, kenako n'kukoka chogwirira chachitsulo chimene chili pachifuwa kuti parachuti itseguke. Ine sindinadumphepo chibadwire, ndipo mawondo anga amachita kulira ndikamadzuka pampando wamba.

Ndiye kodi kufotokozeredwa kwa mphindi zochepa ndisanakwere n'kokwanira kwa munthu wonga ine, kapena ndipemphe kuti ndiyeserere kutuluka ndegeyo ili pansi? Ndingakondenso kudziwa ngati n'zololeka kufunsa tsiku limene parachutiyo inapindidwa komaliza, popanda kuoneka ngati ndikukayikira mphunzitsi amene adzakhale kumbuyo kwanga.