Stardew Valley: ndibwerere ndi ma mod kapena ndiyambe yopanda kanthu? Madolo thandizeni

Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano. Ine ndimangowerenga za anzanga mwakachetechete koma lero ndabwera ndi yanga, pepani italikirapo.

Stardew Valley, gemu yaulimi ija, ndinaisiya mu 2021, patangopita miyezi yochepa itatuluka vesheni ya 1.5 ija inabweretsa Ginger Island. Nthawi imeneyo ndinali chidakwa cha ma mod (zoonjezera zomwe osewera amapanga kuti zisinthe gemu), chilichonse chooneka bwino pa Nexus Mods ndimangodawuniloda nkuponya mu foda osawerenga ndi zomwe alemba pansi pake. Poyamba zinali bho ndithu. Zinaipa tsiku lomwe ndinaika CJB Cheats Menu ndi Item Spawner, ma mod oberera ndi kudzipatsira katundu, ndinadzinamiza kuti ndizingogwiritsa ntchito powedza basi chifukwa kabala kobiriwira komwe umatsata nako nsomba pazenera kaja kamandikwiyitsa heve, koma sabata isanathe ndinali ndikuimitsa nthawi, kudzipatsa ma iridium sprinkler mu Spring ya chaka choyamba, kheni yothirira ija sindinaigwirenso. Community Center, holo ija umaikonza popereka katundu yemwe ikufuna, ndinaimaliza ngati ndikudzadza fomu. Boti la msodzi Willy lopitira ku Ginger Island, lija limafuna hardwood 200, ma iridium bar 5 ndi ma battery 5, ndinalikonza mumphindi imodzi ndi katundu wodzipatsa, kufika pachilumba paja ndinangoyendayenda pang'ono nkutseka laputopu. Inandibowa basi, sindinaitsegulenso.

Pano chilakolako chabweranso. Mlamu wanga wamng'ono amasewera pafoni ndiye nditamva kanyimbo kapoyambira kaja mtima unangoti phwii kkkk. Ndamva kuti 1.6 inatuluka mu March 2024 ndipo ili ndi zambiri, sindinaikhudzeko ngakhale pang'ono. Vuto ndi loti moyo unasintha, pano ndili pantchito, ndili ndi mwana, ndikapeza ola limodzi usiku ndiye kuti Mulungu wandikomera. Laputopu ndi yomwe ija yakale, batire inafa kalekale, magetsi akangothima nayonso yathima, ndipo mukudziwa gemuyi imasunga pokhapokha ukagona usiku, ndiye tsiku lonse lomwe walima limapita.

Mbali ina ya mtima ikuti sewera yopanda kanthu ngati mmene mwini wake Eric Barone anaipangira, uvutike nayo ukome nayo. Mbali ina ikuti iwe ulibe nthawi yothirira mbewu 60 ndi kheni m'mawa uliwonse, ika ma mod. Komanso Stardew Valley Expanded, mod yaikulu yoonjezera anthu ndi malo, anthu amaitama kwambiri ndipo ine sindinaiyesepo. Save yakale ija ilipobe, foda ya ma mod ya 2021 nayonso ilipo. Inu mukanakhala ine mukanatani?

Mayankho

Wosewera kuyambira 2016:
Achimwene yambani yopanda kanthu, osaganizanso kawiri. Inu 1.5 yeniyeniyo simunaisewere, munangoiona pazenera. Golden walnut zonse 130 za pa Ginger Island, phiri lamoto lija, chipinda cha Qi chomwe chimatseguka ukapeza 100, zonsezo kwa inu ndi zatsopano. Ndiye onjezerani za 1.6, famu ya Meadowlands yomwe umayamba uli kale ndi khola ndi nkhuku ziwiri, mvula yobiriwira ya mu Summer, Desert Festival ya pa 15 mpaka 17 Spring, Trout Derby, SquidFest, wogulitsa mabuku uja amabwera pa baluni, komanso mastery yomwe imatseguka luso lonse lisanu likafika pa 10. Mukathira Expanded pamwamba pa zonsezi simudzadziwa kuti ichi ndi cha gemu ichi ndi cha mod, mudzangosokonezeka. Ndiwo yoti simunailawe musathamangire kuthiramo tsabola.

Mwini funso:
Apo mwandigwira akulu, zoona 1.5 ndinangoipondako. Koma nkhani ya nsomba ija ndiye ndikuiopabe.

Wosewera kuyambira 2016:
Pitani kwa Willy mukagule Training Rod, ndi 25g yokha (g ndi ndalama yamugemu). Imagwira nsomba zosavuta zokhazokha koma kabala kaja kamakhala kokulirapo ndiye mumakwera msanga. Kabala kamakula luso likamakwera, chovuta ndi masiku oyamba okha. Mukafika level 3 ikani ma crab pot, nawonso amakweza luso la usodzi popanda kulimbana ndi kabala. Ambiri amene amati usodzi ndi wosatheka anayamba ndi kulimbana ndi mlamba tsiku lamvula ali pa level 0.

Mayi wa ana awiri:
Ine ndiye nditsutsana nawo achimwenewa pang'ono. Bambo, ma mod sanakulakwireni, munadzilakwira nokha ndi Item Spawner yo kkkkk. Pali mod yokuchitira ntchito ndiye pali mod yongokuuza zinthu, ndi zosiyana zimenezi. Inenso nthawi ndilibe, ndimasewera ana akagona, ndipo zomwe ndinaika ndi Lookup Anything, UI Info Suite 2 ndi NPC Map Locations basi. Lookup Anything ukaloza chinthu nkudina F1 imakuuza kuti munthu uyu amakonda mphatso yanji, mbewu iyi ipsa liti, chinthu ichi chikufunika mu bundle (mndandanda wa katundu wa ku Community Center) kapena ayi. Popanda iyoyo ndimakhalira kutsegula wiki pafoni, bandulo kumangotha ndi kufufuza kuti Sebastian amakonda chani. Sizinandipatse ndalama ngakhale 1g, mbewu ndimathirira ndekha, mgodi ndinatsika ndekha mpaka 120. Tsiku lamugemu limatenga mphindi pafupifupi 14, ola lanu limodzilo ndi masiku anayi okha, ndiye muwononge theka la tsiku kusakasaka kalipentala Robin kuti ali kuti? Ayi ine ndinakana.

Mwini funso:
Mayi mwalankhula ngati munali mnyumba mwanga kkk. Chomwe ndikuopa ndi choti ndikangoika SMAPI, pulogalamu yoyendetsa ma mod ija, dzanja limayabwa, lero Lookup Anything mawa Tractor Mod mkuja tabwerera komwe kuja. Ndimadzidziwa.

Mayi wa ana awiri:
Ndiye vuto mwalitchula nokha. Amene akudziwa kuti akalowa mubala satuluka asadutsire njira yakubalako.

Wokonda Expanded:
Aise Expanded ndi moto, musamvere anthuwa. FlashShifter amene anaipanga anagwira ntchito yoopsa, muli Sophia ndi munda wake wamphesa, Victor ndi mayi ake Olivia, Andy, Susan, Claire wa pa kauntala ya sitolo ya Joja uja amakhala munthu woti mutha kucheza naye, malo atsopano ambirimbiri, famu ya Grandpa's Farm yokongola kwabasi. Ine gemu inanditopetsa nditakwatira kawiri konse mu ma save osiyana koma iyi inandibweza. Chokhacho ndi bwino kuiyamba ndi save yatsopano, komanso ma mod a Content Patcher ndi Farm Type Manager akhalepo, ndipo chilungamo chake pa laputopu yofooka imachedwa kutseguka, mutha kukateleka madzi a tiyi nkubwera isanamalize.

Wosewera kuyambira 2016:
Mwanena nokha kuti inakubwezani gemu itakutopetsani. Akuluwa sinawatopetse gemu, anaidumpha. Expanded ndi ya munthu amene Pelican Town, tauni yamugemuyo, waimaliza mpaka akudziwa ndandanda ya Pam pamtima.

Wa zamakompyuta:
Kaya musankha ziti koma foda ya ma mod ya 2021 ija musaigwiritsenso ntchito, isamutseni kapena ifufuteni. 1.6 inasintha zambiri mkati, inatuluka limodzi ndi SMAPI 4.0 ndipo ma mod ambiri akale anasiya kugwira ntchito mpaka eni ake atawakonza, ena sanakonzedwe mpaka lero. Musanadawunilode chilichonse yang'anani dzina lake pa smapi.io/mods muona ngati ikuyenda, ndipo ikavuta pali smapi.io/log pomwe mumaika log yanu nkuona yomwe yalakwa. Muziika imodziimodzi osati khumi nthawi imodzi.

Chachiwiri, ma save amakhala mu AppData, Roaming, StardewValley, Saves. Koperani foda imeneyo pa fulashi musanayambe zoyesayesa. Save yanu yakale ija mukaitsegula popanda ma mod omwe inali nawo, zinthu zomwe zinachokera ku ma mod zimasanduka Error Item, ndiye musadabwe. Ine ndikanangoisiya ngati chikumbutso.

Koma chomwe anthu ambiri sadziwa ndi choti nkhaniyi ili ndi mbali yosavuta kubwerera ndi yovuta kubwerera. Save yopanda kanthu mutha kuithira ma mod ongothandizawa tsiku lililonse, chaka chachiwiri kaya chachisanu, nkuwachotsanso osaononga kanthu. Save yomwe mwayamba ndi mod yaikulu yoonjezera anthu ndi mapu, kuichotsa pakati ndi kuitana mavuto. Komanso kuika SMAPI sikufufuta gemu yeniyeni, mutha kutsegulabe yopanda ma mod. Ma achievement a Steam amagwirabe ntchito bola muike SMAPI mu launch options.

Wa pa Switch:
Ife a Switch tikungokuonerani ndi mavuto anu a anthu olemera kkkk, kuno kulibe mod, ndipo 1.6 tinaidikira mpaka November 2024 inu mutaisewera kale miyezi yambiri. Koma ndikuuzeni chimodzi, mukamayamba save yatsopano dinani kachizindikiro ka sipanala kaja, muli zosankha zomwe ambiri saziona. Mutha kusankha remixed bundles kuti Community Center ifune zinthu zina osati zomwe munazolowera, palinso pochonga kuti itheke kumalizika chaka choyamba, nkhani ya red cabbage yosowa chaka choyamba ija isakuvuteni. Ngati mukuona kuti ndalama zimabwera mosavuta tsitsani profit margin ifike 75 kapena 50. Gemu imasintha ndithu popanda kudawuniloda kanthu.

Wa pafoni:
Nkhani ya magetsi palibe waiyankha. Ya pafoni ili ndi auto-save, foni ikathima kapena wina akakuimbira umapitiriza pomwe unasiyira, ndipo save yopanda ma mod imatheka kuisamutsa kuchoka pa kompyuta kupita pafoni pongokopera foda. Ndiye mukayamba yopanda kanthu muli ndi pothawira tsiku lamdima. Kumenya zilombo mumgodi ndi zala pagalasi ndiye kumafuna kuzolowera, sindikunamizani.

Wongodutsa:
Anthu akulimbana ndi kuthirira munda wamufoni pomwe chimanga kumudzi chikudikira kupalira 😂

Mwini funso:
Kumudziko kulibe sprinkler akulu, ndi chifukwa chake tinathawira kuno kkkk.

Mwini funso, patapita masiku anayi:
Ndabweranso kudzanena mmene zathera poti munandithandiza. Foda yakale ija ndaisamutsira pa fulashi pamodzi ndi save yake, SMAPI sindinaike. Ndayamba pa Meadowlands ndi remixed bundles, ndipo ndadziikira lamulo loti mpaka Winter 28 ya chaka choyamba palibe mod, ikadzakwana ndidzaona ngati ndikufunadi Lookup Anything ya mayi aja. Expanded idikire kaye mzimu wa agogo amugemu ubwere kudzayendera munda chaka chachitatu.

Chinandidabwitsa ndi choti m'malo mwa mbewu za parsnip 15 zija unazolowera kupeza mubokosi, pa famu iyi akupatsa udzu wankhuku, ndiye 500g yoyambira ija inathera kusitolo ya Pierre tsiku loyamba lomwe. Nkhuku ziwirizo mwana wanga amafuna azizisisita yekha m'mawa uliwonse ndiye masiku anga akuyamba mochedwa. Training Rod yathandiza, ndili pa level 3, ngakhale dzulo kunagwa mvula ndinatenga ndodo yansungwi ija kukayesa mlamba kumtsinje unandithawa katatu mpaka ndinatukwana pang'ono mayi akunyumba kundiyang'ana. Magetsi anandidyera tsiku limodzi, Spring 6, ndinali nditafika pa 10 mumgodi, ndabwerezanso.

Pano ndili pa Spring 11, mthumba muli 1,400g, Egg Festival ndi pa 13. Ndithire zonse mu mbewu za strawberry za 100g zija kapena ndisunge ndionjezere ndigule chikwama cha 2,000g? Malo 12 okha mthumba akundipha mumgodi.