Ndiikonzetse laputopu yakaleyi kapena ndigule ina?

Anzanga odziwa za makompyuta, ndithandizeni nzeru. Laputopu yanga ndi ya Intel Core i5 ya m'badwo wa 4, RAM (memore yomwe kompyuta imagwirira ntchito) 4GB, ndipo ikadali ndi hard disk yozungulira ija. Kuti iyake imachedwa zedi, ndipo ndikatsegula masamba angapo pa Chrome, fani yake imalira ngati ikufuna kuuluka. Ntchito yanga si yolemetsa ayi: kulemba, Excel ndi misonkhano ya pa Zoom.

Ndalama ndili nazo zochepa. Ndimaganiza zoikamo SSD (chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk) ndi kuwonjezera RAM ifike 8GB, poti sikirini ndi kiyibodi zili bwinobwino. Chikundikayikitsa n'chakuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kompyuta) ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Yangayi sikufikapo. Batire nalo linatha, silisunga moto.

Ndiye ndiikonzetsebe n'kuikamo Linux Mint (pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows), kapena ndipirire kaye, ndisunge ndalama ndidzagule yogwiritsidwapo kale ntchito koma yatsopanoko? Inu amene munasamukira ku Linux, mafayilo a Excel amatseguka osasokonekera pa LibreOffice (pulogalamu yolowa m'malo mwa Microsoft Office)?