Khoma la ku Collonges-la-Rouge, mudzi wa ku France: simenti kapena laimu?

Wapampando: Moni nonse akuluakulu. Khoma lakale la miyala yofiira lija la m'mbali mwa kanjira layamba kuyoyoka matope. Maganizo alipo awiri, kumata ndi simenti kapena ndi laimu. Tiyeni tikambirane tisanalembe kalata ku ofesi ya meya.

Msungichuma: Zikomo a Wapampando. Ine ndili pa simenti. Imauma msanga, mmisiri aliyense amaidziwa, ndipo ntchito ingathe alendo a mu July ndi August asanadzaze tinjira. Laimu amafuna masiku ambiri, ndipo tsiku lililonse ndi malipiro. Thumba lathu mukulidziwa.

Mmisiri wa miyala: Pepani a Msungichuma, simentiyo ndiyo ingatidyere ndalama. Mwala wa kuno ndi wamchenga, ndipo kufiira kwakeko ndi dzimbiri la chitsulo lomwe lili m'kati mwake. Umamwa madzi. Khoma lomatidwa ndi laimu limatulutsa chinyezi kudzera m'mizere ya matope. Mukatseka mizereyo ndi simenti, madzi amasowa potulukira n'kutsalira m'mwala. Kukazizira mu January madziwo amaundana, amafufuma, ndipo pamwamba pa mwala pamayamba kusendeka. Pakapita zaka mumapeza simenti ili chilili, mwala utadyeka m'mbali mwake. Matope azikhala ofewa kuposa mwala, chifukwa matope timatha kubwezera, koma mwala wakale ukatha watha.

Mlembi: Ndionjezere pa mawu a bambowa. Mudzi uno unayamba ndi amonke ochokera ku Charroux m'zaka za m'ma 700. Unalemera pansi pa ulamuliro wa dera la Turenne, pomwe anthu sankapereka misonkho ya mfumu, ndipo akuluakulu a ku Turenne anamanga kuno nyumba zansanja zomwe tikuzionazi. Mwayiwo unatha mu 1738 pamene dera la Turenne linagulitsidwa kwa Louis XV, mfumu ya France. Kenako tizilombo ta phylloxera tinapha mphesa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu n'kumasamuka. Chomwe chinadzutsa mudzi ndi mwala womwewu. Mu 1969 dzina la mudzi linaonjezeredwa mawu oti la-Rouge, kutanthauza wofiira, ndipo mu 1982 meya wathu wa nthawiyo, Charles Ceyrac, anayambitsa Les Plus Beaux Villages de France, bungwe la midzi yokongola kwambiri ya ku France, kuchokera konkuno. Ndiye ife tijambule mizere yotuwa ya simenti pakhoma lofiira? Komanso lamulo silingatilole mwachisawawa. Tchalitchi cha Saint-Pierre ndi chotetezedwa, ndipo ntchito yosintha maonekedwe pafupi ndi nyumba yotero imadutsa kwa Architecte des Bâtiments de France, katswiri wa boma woyang'anira nyumba zakale zotetezedwa. Tikapereka déclaration préalable, fomu yodziwitsa za ntchitoyi isanayambe, kwa meya, tiyembekezere miyezi iwiri, osati umodzi.

Msungichuma: Chabwino, ndamva. Koma ndiuzeni kagwiridwe kake kuti ndidziwe chomwe tikulipira.

Mmisiri wa miyala: Choyamba kugoba matope akale ndi manja, kuya kwake kuwirikiza kawiri kukula kwa mpata. Makina odulira ayi, amabenthula m'mphepete mwa miyala. Kenako kuchotsa fumbi ndi bulashi ndi kunyowetsa khoma dzulo lake, apo ayi mwala wouma umayamwa madzi a matope, matopewo n'kusanduka ufa. Laimu akhale wa mtundu wa NHL, womwe nambala yake imasonyeza kulimba kwake: NHL 2 kapena NHL 3,5. NHL 5 ndi wolimba kwambiri pa mwala wofewa ngati uwu. Muyeso ndi ndowa imodzi ya laimu ku ndowa ziwiri ndi theka kapena zitatu za mchenga. Mtundu uchokere ku mchenga wofiirira, osati ku penti. Madzi ochepa, matope agwirane ngati nsima yolimba. Kuwakanikiza bwino m'mipata, ndipo mipata yakuya kuidzaza kawiri. Akayamba kugwira, kupukuta ndi bulashi kuti mchenga uoneke. Pomaliza kuphimba ndi ziguduli zonyowa kwa masiku angapo. Kukazizira pansi pa madigiri 5 kapena kukatentha kupitirira 30, ntchito iime. Mwala wofunika kusintha ugonekedwe monga unagonera m'mgodi. Mukauimika, umasendeka mapepala mapepala.

Mayi wa m'komiti: Abambo inu mukukangana za matope, koma madziwo akulowera pati? Miyala yophimba pamwamba pa khoma ndiyo yoyamba kuikonza, ndi ngalande ya m'munsi. Zomera zoyanga nazo tisazizule ndi mphamvu, zimabwera ndi miyala. Tidule patsinde, ziume, kenako tichotse.

Mmisiri wa miyala: Mwalasa mayi. Tiyambire pamwamba.

Msungichuma: Ndikadali ndi nkhawa ya mtengo. Ndikufuna amisiri atatu atipatse mitengo yolembedwa. Tipemphenso khonsolo ifunse ku Fondation du patrimoine, bungwe lothandiza kusamalira zomanga zakale, za kutsegula chopereka, poti wopereka kumeneko amachotseredwa 66 peresenti ya mphatso yake pa msonkho. Popanda zimenezo, chaka chino tingokwanitsa gawo limodzi.

Wapampando: Tatero. Mmisiri akonze zitsanzo zitatu za mita imodzi imodzi, ndi mchenga wosiyana, tiziwone zitauma chifukwa laimu amayera akamauma. A Mlembi konzani mafomu ndi zithunzi za khomalo. Ngati chilolezo chichedwa mpaka alendo atachuluka, ntchito iyambe mu September chisanu chisanafike.