Ndinaigula ija Alfa Romeo 156

Miyezi inayi yapitayo ndinafunsa ngati n'kwanzeru kugula galimoto ya Alfa Romeo 156 ya chaka cha 2000 kuno ku Johannesburg. Ambiri munandichenjeza kuti ndiyambe ndaona lamba wa timing, uja wa mu injini woyendetsa mavalavu. Zikomo abale, munandipulumutsa. Makaniko anapeza lambayo atang'aluka, ndipo akanaduka akanapinda mavalavu. Tinamusintha pamodzi ndi pampu ya madzi. Mabushi akutsogolo nawonso anali atadyeka, n'chifukwa chake inkagogoda pamabampu.

Ndalama zapita ndithu, komanso petulo imamwa mosanyengerera. Koma injini yake! Ndi V6 ya malita 2.5, ya mtundu umene anapanga injiniya Giuseppe Busso, yochokera kufakitale ya ku Arese pafupi ndi Milan ku Italy. Ukatsegula boneti umaona mapaipi asanu ndi limodzi akunyezimira, ndipo ukaiponda mumsewu wa N1 kulira kwake kumafika mpaka mumtima. Galimotoyi inapambana mphoto ya European Car of the Year mu 1998. Mpaka lero anthu amaiyesa ya zitseko ziwiri, poti zogwirira zakumbuyo anazibisa pakona ya windo.

Amene munafunsa ngati ndingaigulitse: ayi. Mwezi wamawa ndikonza dzimbiri la kunsi.