Ndolo za lesi zikufooka zikapachikidwa kukhutu

Nambewe, Bembeke

Amayi ndi abambo anzanga a ntchito za manja, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndalandira ntchito yoluka ndolo ndi mikanda ya m'khosi ya atsikana 8 operekeza mkwatibwi pa chinkhoswe chimene chidzachitike kumapeto kwa July. Ndikuluka tatting ya singano, lesi ya mfundo zomangidwa mozungulira singano, ndi ulusi woyera wa thonje wa nambala 10. Ndolo iliyonse ndi duwa la mphete 6 za ulusi lozunguliridwa ndi tcheni cha mfundo, ndipo pa kakhutu kalikonse ka m'mphepete, kaulusi kopinda kotulukira pakati pa mfundo ziwiri, ndaikapo mkanda wagalasi wofiira wa saizi 6/0, chifukwa eni ake akufuna kuti zigwirizane ndi chitenje chimene asankha. Ndolo ikakhala patebulo imaoneka bwino ndithu, koma ikangolendewera kukhutu mphete zimatamuka n'kukhala zazitali, m'mphepete namo mumapindikira kutsogolo. Ndinaziviika mu sitachi ya chinangwa ndipo zinauma gwa masana, koma kutacha zinali zitafewanso, popeza kuno chifunga sichikuchoka masiku ano. Kodi chilipo cholimbitsira chimene chingapirire chinyontho cha kumapiri kuno?

Naphiri, Mtakataka

Achemwali, ine sitachi ya chinangwa yomweyo imandithandiza, bola iphikidwe mpaka ichite phala lolimbirapo, ndipo ndimathiramo shuga pang'ono kuti igwire kwambiri. Madoilo ndi ndolo zanga zimakhala zowongoka mpaka mwini wake atazichapa.

Mayi Jere, Ntcheu

Anaphiri, kwanu kumunsi kwa phiri n'kotentha ndipo zinthu zimauma msanga, choncho sitachi ikhoza kukumverani, koma ku Bembeke m'miyezi ya June ndi July nkhani yake ndi ina. Sitachi ndi shuga zonse ziwiri zimakoka chinyontho cha mumpweya, ndiye zikafewa zimabwezera lesi mmene inalili poyamba. Shugayo amaitananso nyerere ndi mphemvu, ndipo katundu wosungidwa m'bokosi m'nyumba yozizira amachita chuku chimene sichichoka pa ulusi woyera. Komabe sindikuganiza kuti vuto la Anambewe lagona pa cholimbitsira. Lesi yolukidwa mothina imaima yokha ngakhale isanaviikidwe m'chilichonse. Anambewe, tatiuzani singano imene mukulukira, maonekedwe a diso lake, ndiponso kuchuluka kwa mfundo zimene mukuika pa mphete imodzi.

Nambewe, Bembeke

Zikomo amayi. Singano yake ndi yaitali, ya mtundu umene anthu amasokera majuzi ong'ambika, ndipo nsonga yake ndinainola pamwala kuti ibunthe. Chakudiso ndi yotakatako kuposa thupi lake. Mphete iliyonse ili ndi mfundo 24, ndipo timakutu tilipo 3, tolekanitsidwa ndi mfundo zisanu ndi imodzi.

Mayi Jere, Ntcheu

Apo ndiye pagona nkhani, mwana wanga. Taganizirani zimene zimachitika m'manja mwanu mukamaluka. Mfundo iliyonse, imene ili ndi mbali ziwiri, mumaimanga mozungulira singano, kutanthauza kuti bowo la mkati mwa mfundoyo limalingana ndi kunenepa kwa singanoyo. Mukamaliza kuwerenga mfundo mumasolola singano, ndipo m'bowo lija mumatsala ulusi umodzi wokha, umene ndi wowonda kwambiri kuyerekeza ndi chitsulo chimene chinadutsamo. Mfundo zija zimakhala pa ulusiwo ngati chibangili cha munthu wamkulu pa mkono wa mwana. N'chifukwa chake tatting ya singano kawirikawiri imatuluka yofewerako kuposa yolukidwa ndi shuttle, kachipangizo kokulungapo ulusi, kumene mfundo zimamangidwa pa ulusi weniweniwo popanda chitsulo pakati. Tsono singano yanu ikuwonjezera vuto lachiwiri, pakuti diso lotakatalo likamadutsa limafutukula mfundo iliyonse imodziimodzi, ndipo thonje likafutukuka silibwereranso lokha.

Singano yeniyeni ya tatting imakhala yofanana kunenepa kuyambira kunsonga mpaka kudiso. Nambala yake ikamakwera singano imawonda: ya 5 ndiyo ambiri amalukira ulusi wa nambala 10, ya 7 imayenda ndi ulusi wa 20 kapena 30, ndipo ya 8 ndi ya ulusi wowonda zedi. Pa zokongoletsa zovala m'thupi ine ndimasankha singano yowondetsetsa imene ulusi ungathe kulowa m'diso lake, ngakhale kulowetsako kuvute. Ngati simungapeze ya tatting msanga, funsani kwa ogulitsa zipangizo za matelala singano zotchedwa milliners, chifukwa nazonso diso lake silitakata kuposa thupi. Ndi zazifupiko, koma pa mphete zing'onozing'ono za ndolo zimakwanira, mukangobunthitsa nsonga monga munachitira inayo.

Chinanso ndi kukula kwa mphete. Mphete ya mfundo 24 pa ulusi wa 10 ili ndi mpata waukulu pakati, ndipo palibe chimene chikuigwira kuti isatamuke. Tsikirani pa ulusi wa 20, umene ndi wowonda kuposa wa 10, ndi mfundo 16, zolekanitsidwa zinayizinayi. Musanatseke mphete, gwirani mfundo zonse pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, muzikanikizire pamodzi mpaka pasaoneke ulusi wa mkati, kenako kokani pang'onopang'ono ndi kumanga mfundo yotsekera patsinde penipeni. Mfundo yotsekerayo ikatalikira tsinde ngakhale pang'ono, mphete imatseguka yokha ndolo ikayamba kugwedezeka kukhutu.

Bambo Ngozo, Lizulu

Amayi Jere afotokoza bwino za singano, ndipo ine ndionjezerepo za mikanda, popeza ndiyo imandidyetsa pamsika pano. Mkanda wa 6/0 ndi waukulu, pafupifupi mamilimita 4, pomwe wa 8/0 uli pafupifupi mamilimita 3 ndipo wa 11/0 uli pafupifupi mamilimita 2. Kusiyanaku kumaoneka kochepa ndi maso, koma pa kulemera n'kwakukulu, pakuti mkanda umodzi wa 6/0 umalemera kuposa ing'onoing'ono ingapo pamodzi. Mukauika pa kakhutu ka m'mphepete, kamene ndi ulusi chabe wosamangika kwina kulikonse, ndiye kuti katundu wolemera mwamusenzetsa malo ofooka kwambiri a duwa lonse. Malangizo anga ndi akuti pa timakutu muike mikanda ya 11/0 itatuitatu, imene idzaonetsa kufiira komwe eni ake akufuna, ndipo mkanda waukulu ukhale umodzi wokha, pakati pa duwa.

Musanayambe kuluka yesaninso ngati mikandayo siisuluka. Ina imene imabwera m'mapaketi opanda dzina imakhala galasi loyera lopakidwa utoto pamwamba kapena m'bowo, ndipo yofiira ndi yapinki ndiyo imakonda kutero. Ikani pang'ono m'kapu yoyera ya madzi ofunda a sopo, idikire kanthawi, kenako muitikite pa kansalu koyera. Kansalu kakasintha mtundu, dziwani kuti ulusi wanu woyera udzasinthanso mtsikana akangotuluka thukuta povina. Mikanda ya ku Czech ya Preciosa ndi ya ku Japan ya Miyuki kapena Toho imakhala yofanana kukula ndiponso mabowo ake ndi osalala, koma mtengo wake ndi wina, ndipo ngakhale imeneyo ilipo mitundu ina yopakidwa utoto, choncho kuyesa kusalekeke.

Nambewe, Bembeke

Bambo Ngozo, ndamva. Koma mkanda wa pakatiwo ndiulowetsa bwanji, popeza mikanda yonse ndimaitunga pa ulusi wa kumpira ndisanalowetse ulusiwo m'singano, ndipo imangotsetserekera pa timakutu? Ya 11/0 nayonso ndikukayika ngati ingadutse pa singano yolukira.

Mayi Chisale, Dedza boma

Anambewe, ya 11/0 siifunika kudutsa pa singano yolukira ayi. Pakani kyutekisi wosaoneka mtundu kunsonga kwa ulusi, utali wonga wa chala, mudikire aume, ndipo nsongayo idzalimba mokwanira kutolera mikanda m'mbale. Mukatunga yonse imene patani ikufuna, dulani mbali yolimbayo, ndiye mulowetse ulusi m'singano. Werengani mikanda mosamala ndipo muonjezerepo ingapo, chifukwa ikakutherani pakati pa duwa mudzayenera kudula ulusi, ndipo pa kanthu kakang'ono ngati ndolo mfundo iliyonse yolumikiza imaonekera.

Mkanda wa pakati uli ndi njira yakeyake. Pa mphete yoyamba, kakhutu koloza pakati pa duwa mukapange kataliko, kopitirira pang'ono utali wa mkandawo. Tengani kawaya kowonda kwambiri, monga kamodzi mwa timawaya ta m'kati mwa chingwe chakale cha wailesi, mukapise m'kakhutuko, mukapinde pakati kuti nsonga ziwiri zikumane, ndipo nsongazo muzilowetse m'bowo la mkanda. Mukakankha mkanda umatsetsereka kuchoka pa waya n'kukakhala pa kakhutu, ndipo kumapeto kumatsala kaulusi kotulukira. Pamenepo kolekanipo pini yotseka kuti mkanda usapulumuke. Pitirizani kuluka mphete yachiwiri ndi yachitatu, ndipo pofika pa yachinayi, imene ili moyang'anizana ndi yoyamba, chotsani pini ndi kulumikiza pa kaulusi kaja. Mkandawo tsopano wagwidwa mbali ziwiri, ndipo m'malo mokoka duwa pansi ukuthandiza kuti mphete zisatalikirane. Utali wa kakhutuko ndiwo ufunika kuyesa kaye pa duwa limodzi, pakuti kakafupika duwa limatukuka pakati, kakatalika mkanda umalendewera.

Mayi Jere, Ntcheu

Njira ya Amayi Chisale ndiyo yoyenera. Za kupindika kwa m'mphepete sitinakambe, ndipo kumeneko n'kwa tcheni. Tcheni chozungulira chikafupika kuyerekeza ndi duwa la mkati, chimakoka m'mphepete ndipo ndolo imachita chikho. Chikatalika kwambiri chimachita makwinya. Popeza zanu zikupindikira kutsogolo, onjezerani mfundo imodzi kapena ziwiri pa tcheni chilichonse, ndipo muonetsetse kuti tcheni chilichonse chalumikizidwa ku mphete ya pansi pake, osangodutsa pamwamba. Mbedza yolowetsa kukhutu musaikoleke pa kakhutu. Lukani kamphete kakang'ono ka mfundo 8 kopanda timakutu pamwamba pa duwa, mupisemo kamphete kachitsulo, ndipo mbedzayo ikole pa chitsulocho.

Bambo Ngozo, Lizulu

Ine ndikanakonda kuti Anambewe asiyiretu thonje ndi kutenga ulusi wa polyester, wonga umene osoka nsapato ndi zikwama amagwiritsa ntchito, bola usakhale wopakidwa phula, chifukwa wa phulawo umakakamira potseka mphete ndiponso umagwira fumbi. Polyester samwa madzi monga thonje, choncho chifunga cha ku Bembeke kapena cha ku Tsangano sichimusintha, ndipo salira cholimbitsira chilichonse. Kuti mudziwe chimene mwagula, yatsani kachidutswa ndi machesi: thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa, pomwe polyester amasungunuka n'kusiya kampira kolimba kunsonga.

Mayi Chisale, Dedza boma

Bambo Ngozo, pa ndolo ndikugwirizana nanu, koma pa mkanda wa m'khosi ndikukana. Ulusi wa nsapato ndi wouma ndipo umakanda khungu, makamaka pamene nsonga zasungunulidwa ndi moto, ndipo atsikanawo adzauvala tsiku lonse. Pa ulusi woyera malo otenthedwawo amaderanso. Komanso polyester amaterera, mwakuti munthu amene manja ake azolowera thonje amafunika nthawi kuti mfundo zake ziyambe kufanana, ndipo Anambewe ali ndi ndolo 16 ndi mikanda ya m'khosi 8 yoti amalize July asanathe. Ine ndikuti akhale pa thonje lopotedwa bwino, lonyezimira lija la mercerised, monga la DMC kapena Anchor la nambala 20, osati ulusi wofewa wa madoilo wogulitsidwa m'mipira ikuluikulu, umene umachita ubweya ukadutsa m'mikanda kangapo.

Akamaliza kuluka, anyowetse chidutswa chilichonse, achifinye m'kathaulo osachipotokola, achiyale pa katoni yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo kakhutu kalikonse akakhomere ndi pini yosachita dzimbiri, chifukwa pini wamba imasiya kadontho kofiirira kamene sikachoka. Ngati pakufunikabe kulimbitsa, guluu woyera wa akalipentala ndiye woyenera: ine ndimasakaniza gawo limodzi la guluu ndi magawo awiri a madzi, n'kupaka ndi kaburashi kumbuyo kokha, ndipo mikanda ndimaipukuta ndi kansalu konyowa guluu asanaume kuti isataye kuwala. Akauma saoneka ndipo chinyontho cha mumpweya sichimufewetsa msanga monga sitachi, ngakhale kuti ndolo ikaviikidwa m'madzi amafewa ndithu, choncho eni ake auzidwe kuti asasambe nazo. Kuyanika kuchitike pawindo lolowa dzuwa, osati pafupi ndi mbaula, pakuti utsi wa makala umadetsa ulusi woyera.

Nambewe, Bembeke

Akuluakulu, ndabweranso ndi zotsatira. Ndinapeza singano za milliners ndi ulusi wa nambala 20, ndipo ndaluka duwa la mphete za mfundo 16, mikanda ya 11/0 pa timakutu, ndi mkanda umodzi wa 6/0 pakati monga anafotokozera Amayi Chisale. Tcheni chilichonse ndachionjezera mfundo ziwiri. Ndolo yagona yopachikidwa pa msomali usiku wonse popanda guluu kapena sitachi, ndipo mphete zake zikadali zozungulira. Mikanda yofiira ija inasuluka m'madzi a sopo, choncho Bambo Ngozo mundisungire ina yosasuluka, ndidzaitenga tsiku la msika. Chatsala n'chakuti duwa latsopanoli lachepa kuyerekeza ndi chitsanzo chimene eni ake anavomereza.

Mayi Jere, Ntcheu

Musakulitse mphete pofuna kubwezera kukulako. Onjezerani mzere wachiwiri wa tcheni kunja, wolumikizidwa pa malo aliwonse amene tcheni choyamba chakumana ndi chinzake, ndipo mikanda ya m'mphepete muisamutsire pa mzere watsopanowo. Musanaluke zonse 16, tumizani ndolo imodzi kwa azakhali a mkwatibwi kapena amene akuyendetsa za zovala kuti aione ndi kuivomereza, ndipo muwauze nthawi yomweyo kuti ulusi wowonda ndi mzere wowonjezerawo zikutalikitsa ntchito, kuti mtengo mugwirizanenso tsopano.